Funsani Azakhali: Bambo akuti tikakhale m'kalavani ku England

Okondedwa Azakhali,

Amuna anga ndi namwino pa chipatala china ku Lincolnshire, m'dziko la England. Anapita okha, ine ndinatsala ndi ana athu atatu: mtsikana wa zaka 14, mnyamata wa zaka 9 ndi wamng'ono wa zaka zitatu. Tsopano akuti nthawi yakwana yoti tiwatsatire, koma vuto ndi nyumba. Akuti lendi ya nyumba ya zipinda zitatu ingadye gawo lalikulu la malipiro awo, ndiye apeza kalavani yogulitsa pa paki ina kufupi ndi Skegness, m'mbali mwa nyanja. Mtengo wake ndi £19,000. Ili ndi zipinda zogona zitatu, khitchini, bafa ndi mipando yomwe. Zithunzi anatumiza, n'zokongola zedi, moti ana sakusiya kuziyang'ana. Wogulitsayo wawauza kuti pakiyo imatseka milungu yochepa chabe m'nyengo yozizira, ndipo anthu ambiri amakhala pomwepo ngati pakhomo pawo. Wanenanso kuti pa mapepala angolemba adiresi ya mnzawo wa kuntchito, chifukwa aliyense amatero. Ndalamazo ndi zomwe takhala tikusunga tonse awiri, zotsalazo akufuna kukongola. Ine mtima sukukhazikika, koma sindikufuna kuoneka ngati ndikukana kutsatira mwamuna wanga. Kodi ndivomere?

Mayi wa ana atatu

Mayi, musavomere, ndipo ndalamazo zisatuluke. Kupitako pitani ndithu, ana akusowa bambo awo, inunso mwapirira mokwanira. Chomwe ndikukana ine ndi kalavani imeneyi pa paki imeneyi. Mtima wanu sukunama, ndipo chomwe chikuusautsa mwachilemba nokha m'kalata yanu, nkhani ya adiresi ya mnzawo ija.

Ku England kuli mitundu iwiri ya malo a makalavani, ndipo pa chithunzi simungaisiyanitse. Mtundu woyamba amautcha holiday park, kumene anthu amapita kukapuma patchuthi kenako n'kubwerera kwawo. Wachiwiri ndi residential park, kumene munthu amaloledwa kukhala chaka chonse, imeneyo kukhala nyumba yake yokhayo. Chimasiyanitsa awiriwa ndi chilolezo chomwe mwini malo analandira ku khonsolo. Lamulo la 1960, Caravan Sites and Control of Development Act, limati paki yotere ikhale ndi laisensi yochokera ku khonsolo, ndipo khonsoloyo isunge kaundula wa malaisensi woti aliyense angathe kumuona. Dera la Skegness lili pansi pa East Lindsey District Council. Amuna anu alembe imelo ku ofesi ya malaisensi kumeneko, atchule dzina la paki, afunse kuti kodi banja lingakhale pamenepo chaka chonse popanda nyumba ina kwina. Yankho alilandire lolembedwa, asakhutire ndi mawu a pafoni. Izi sizifuna ndalama.

Komabe yankholo ndikuliona kale. Paki yomwe imatseka m'nyengo yozizira n'kumafunanso adiresi ina ndi ya tchuthi. Eni ake amafunsa umboni woti muli ndi nyumba kwina, kawirikawiri kalata ya msonkho wa nyumba wotchedwa council tax, chifukwa chilolezo chawo chimawakakamiza kutero. Ngakhale paki yolemba pachipata kuti imatsegula miyezi 12 pachaka ikhoza kukhala ya tchuthi yomweyo. Kutsegula chaka chonse kumangotanthauza kuti mukhoza kupitako patchuthi mwezi uliwonse. Ambiri agwa pa mawu amenewa a miyezi 12, ndipo si obwera okha, ngakhale eni dziko okalamba amene anagulitsa nyumba zawo.

Tiyeni tione chomwe bodza la adiresi lingachitire banja lanu, chifukwa wogulitsayo akuliona ngati kanthu kakang'ono. Pangano lomwe amuna anu adzasaine lidzanena kuti kalavaniyo ndi ya tchuthi basi. Tsiku lomwe mwini paki adzafune kukuchotsani, kaya khonsolo yamufinya kaya wapeza wina wolipira zambiri, adzangotulutsa pangano lomwelo n'kusonyeza kuti inu ndi amene mwaliphwanya. Wogulitsa uja sadzakhalapo kuti avomere zomwe ananena. Lamulo lomwe limateteza eni makalavani kuti asathamangitsidwe mwachisawawa, Mobile Homes Act ya 1983, silifika pa paki ya tchuthi.

Kenako pali sukulu. Malo a sukulu kumeneko amapempha kudzera ku Lincolnshire County Council, ndipo amafunsa kumene mwana amakhala, ndi umboni wake. Mukalemba adiresi ya mnzawo, mwana akhoza kupatsidwa sukulu ya kufupi ndi mnzawoyo, kutali ndi komwe akugona, ndipo zikadziwika kuti adiresi ndi yabodza, malamulo amalola kuti malowo alandidwe. Mukalemba ya pa paki, mwadziulula nokha kuti mukukhala pamalo osaloledwa. Mnzawo wa kuntchito uja nayenso mwamuika m'mavuto. Ngati amakhala yekha, amachotseredwa 25 peresenti pa council tax, ndipo akangolembetsa anthu ena akuluakulu pa nyumba yake, mwayi umenewo watha. Choopsa kwambiri kwa ine n'chakuti amuna anu ali m'dzikomo pa viza ya ntchito. Abwana awo amayenera kusunga adiresi yawo yeniyeni, ndipo tsiku lina banja lonse lidzapempha chilolezo chokhazikika. Munthu amene tsogolo lake likudalira mapepala asayambe n'komwe kulemba zabodza pa mapepala.

Ndiye milungu yochepa yotseka ija. Wogulitsa waitchula mopepuka, koma imagwa pakati pa nyengo yozizira kwambiri, dzinja la kumeneko, cha mu Januwale kapena Febuluwale, ana ali pa sukulu, bambo ali pa mashifiti a usiku. Anthu asanu mudzagona kuti? Hotela ya milungu ingapo idzadya zonse zomwe munkati mwapulumutsa pa lendi. Ndipo viza yanu idzakhala ndi lamulo lomwe amalitcha no recourse to public funds, kutanthauza kuti ndalama za boma zothandizira ovutika (Universal Credit), thandizo la lendi, ndalama zothandizira kulera ana (Child Benefit) ndi nyumba za khonsolo si zanu. Banja la mwini dziko likasowa pogona limakagogoda ku khonsolo, koma kwa inu khomo limenelo n'lopapatiza kwambiri. Dziwaninso kuti kutseka kwa mapaki ambiri a gombe limenelo kuli ndi chifukwa chake. Dziko la kumeneko n'lotsika, ndipo nyanja imakalipa m'dzinja. Usiku wa pa 31 Januwale 1953 madzi a nyanja imeneyo, North Sea, anasefukira, anamiza matauni a Mablethorpe ndi Sutton-on-Sea a pa gombe lomwelo, ndipo ku England konse anthu opitirira 300 anafa. Mu Disembala 2013 madzi analowanso m'tauni ya Boston, ku Lincolnshire komweko. Sindikufuna mwana wa zaka zitatu akhale m'kalavani pa gombe limenelo pa nyengo yomwe akuluakulu a dera anaona kuti pasamakhale munthu.

Za kalavani yeniyeniyo, akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makalavani ambiri a tchuthi ndi a mafiti 35 m'litali ndi 12 m'lifupi, pafupifupi mamita 11 ndi mamita anayi osakwana. Zipinda zitatu zimakwanamo inde, koma ziwiri mwa izo ndi timabedi tiwiri topyapyala ndi kanjira pakati. Mtsikana wa zaka 14 akufuna pobisala povala ndi tebulo lowerengera. Makoma ake ndi opyapyala, chifukwa makalavani a tchuthi amamangidwa pa muyezo wa EN 1647, womwe sunapangidwire kukhalamo chaka chonse. Nyumba za pa residential park zimatsata muyezo wina, BS 3632, wa makoma ndi denga zosunga kutentha. Amuna anu afunse kuti kalavaniyo inamangidwa pa muyezo uti, ndipo aone pepala lake. M'dzinja la ku Lincolnshire dzuwa limalowa 4 koloko masana isanakwane. Anthu asanu akamapuma, kuphika ndi kuyanika zovala m'kabokosi kotsekedwa, nthunzi imasanduka madzi pa mawindo ndi m'makona, kenako nkhungu yakuda imamera kuseri kwa mabedi. Bambo awo ndi namwino, akudziwa chomwe nkhungu imachita pa chifuwa cha mwana. Mapaipi a madzi amadutsa kunsi kwa kalavani, panja, ndipo chisanu chikalimba amaundana n'kuphulika. Kutenthetsa kumadalira gasi wa m'mabotolo akuluakulu a makilogalamu 47, amene sachedwa kutha m'miyezi yozizira. Ena pofuna kusunga kutentha amatseka mabowo olowetsa mpweya, ndipo pamenepo ndi pomwe mpweya wakupha wa carbon monoxide umapezera anthu ali m'tulo.

Pa ndalama, £19,000 imeneyo ikugula kalavani yokha. Dothi lomwe yaimapo ndi la mwini paki, ndipo chaka chilichonse mudzalipira pitch fee, yomwe pa mapaki a tchuthi imafika mapaundi masauzande angapo. Onjezanipo inshuwalansi, gasi, magetsi ndi madzi. Popeza dothi si lanu, banki siipereka ngongole ya nyumba pa kalavani, ndiye ngongole yomwe bambo akufunayo idzakhala ya wamba, ya chiwongoladzanja chokwera. Kalavani ya tchuthi imatsika mtengo chaka ndi chaka, ndipo pangano lake limakhala ndi malire a zaka. Zikatha, amakuuzani kuti muichotse kapena mugule yatsopano. Yomwe ikugulitsidwa pa mtengo umenewu mwina yadya kale zaka zambiri za pangano lake. Funso limeneli wogulitsa sanaliyankhe chifukwa palibe analifunsa.

Mwina mukuti, nanga tikapeza residential park yeniyeni? Pamenepo nkhani imasintha, ndipo sindinganyoze moyo wa pamalo otere. Anthu ambiri amakhalapo mwamtendere, anansi amadziwana, pakhomo pamakhala kadimba. Lamulo la 1983 lija, lomwe linalimbikitsidwa mu 2013, limati mwini paki sangakuchotseni popanda kupita kukhoti. Mukagula nyumba yatsopano kwa iye, akupatseni pangano lolembedwa masiku 28 musanasaine. Pitch fee imakwera kamodzi pachaka, atakudziwitsani molemba, ndipo kuyambira pa 2 Julayi 2023 kakwezedwe kake ku England kamatsata muyezo wa mitengo wa CPI. Magetsi akamakugulitsani mwini paki, sayenera kuonjezera phindu pa mtengo womwe iye wagulira. Mukasemphana, pali bwalo lotchedwa First-tier Tribunal lomwe limaweruza. Mumalipira council tax m'dzina lanu, ndipo adiresi ndi yanuyanu yolembera sukulu, banki ndi china chilichonse. Nyumba zakenso n'zazikulu, zina zimafika mamita 20 m'litali ndi 6.8 m'lifupi.

Koma pali zopinga ziwiri zomwe muyenera kuzidziwa musanayambe kulota. Mapaki ambiri otere anapangidwira anthu opuma pa ntchito, ndipo malamulo awo amati wokhalapo akhale wa zaka 45, 50 kapena 55 kupita m'tsogolo. Adzukulu amabwera kudzacheza, koma ana sakhalapo. Olandira mabanja alipo koma ndi ochepa. Malamulo a paki iliyonse amasungidwa ku khonsolo, kotero bambo akhoza kuwawerenga asanawononge mafuta a galimoto. Chachiwiri ndi mtengo. Nyumba ya pa residential park siipezeka pa ndalama mwatchulazi, kawirikawiri imaposa pamenepo kangapo, ndipo tsiku logulitsa mwini paki amatenga mpaka 10 peresenti ya mtengo wake. Kwa banja lomwe silikudziwa ngati bambo adzakhalabe pa chipatala chomwecho zaka zitatu zikubwerazi, kumangirira ndalama zonse pamalo amodzi n'kudzitchera msampha. Kuchita lendi kalavani pa paki yololedwa n'kotheka, koma chitetezo chake n'chochepa. Caravan Sites Act ya 1968 imangokupatsani notisi ya milungu inayi ndi kuti asakutulutseni popanda chigamulo cha khoti.

Ine ndikadakhala inu, ndikadapempha bambo kuti ayang'ane nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ngakhale yakale, ngakhale m'tauni yosatchuka, bola ikhale kufupi ndi chipatala, sukulu ndi basi. Mapaki ambiri ali kunja kwa tauni, ndipo basi za m'dzinja n'zosowa. Inu mudzafika opanda galimoto, mwinanso mudzafuna kugwira ntchito, popeza viza yanu idzakulolani. Malipiro awiri ndi omwe amapeputsa lendi. Lamulo la 2019, Tenant Fees Act, limati dipoziti ya nyumba ya lendi wamba isapitirire lendi ya milungu isanu, ndipo lamulo lina limati mwini nyumba ayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30. Bambo afunsenso ku ofesi yosamalira anamwino ochokera kunja pa chipatala chawo, chifukwa kumeneko amadziwa eni nyumba amene amalandira mabanja ongofika kumene. Malangizo aulere akhoza kuwapeza ku Citizens Advice ndi ku Shelter, ndipo bungwe la LEASE limayankha mafunso a nyumba za pa residential park.

Ndalama mwasungazo zili ndi ntchito kale. Pali chindapusa cha viza ya anthu anayi, matikiti a ndege, dipoziti, lendi yoyamba, mabedi, majekete, nsapato ndi yunifolomu. Popempha viza muyeneranso kusonyeza ndalama zomwe zakhala m'banki masiku 28 otsatizana: £285 ya inu, £315 ya mwana woyamba ndi £200 ya mwana aliyense wotsatira, zonse pamodzi £1,000, pokhapokha ngati abwana a bambo atsimikiza kuti adzakuthandizani mwezi woyamba. Chokoma n'chakuti pa viza ya Health and Care Worker banja sililipira msonkho wa zaumoyo womwe ena amalipira, sukulu za boma n'zaulere, ndipo wamng'onoyo ali ndi mwayi wa maola 15 pa mlungu a sukulu ya mkaka mosalipira.

Mtsikana wanu ndiye ndikumuganizira kwambiri. Ku England chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, ndipo ana a zaka 14 mpaka 15 amakhala mu Year 10, momwe maphunziro a zaka ziwiri a mayeso a GCSE amayambira. Mwana wofika pakati pa zaka ziwirizi amapeza anzake atasankha kale maphunziro ndipo ali patali. Akasamukanso kachiwiri chifukwa paki yatseka kapena yakuchotsani, sukulu yatsopano ikhoza kukhala ikutsata silabasi ya bungwe lina la mayeso. Ngati n'kotheka, konzani ulendo kuti afike Sepitembala asanakwane, alowe sukulu imodzi, akhale momwemo mpaka alembe.

Polankhula ndi bambo, musayambe ndi mawu oti ayi. Munthu amene wakhala yekha kutali, akuwerengera malipiro usiku uliwonse, akaona khomo lomwe angalitche lake amalikumbatira msanga, ndipo chimenecho ndi chikondi pa inu ndi ana. Athokozeni pa kufunafuna kwawo. Kenako muwauze kuti, bambo a ana, ine ndakonzeka kubwera, koma tisanalipire ngakhale dipoziti ndikufuna tione limodzi laisensi ya pakiyo, pangano lonse lomwe mudzasaine, ndi yankho la khonsolo. Akaziwerenga okha, sipadzafunika kuti inu mukangane nawo. Ngati wogulitsa ayamba kuwathamangitsa kuti pali wina akuifuna mawa, amusiyire winayo.

Okondedwa Azakhali,

Ndinafika ku England mu Juni 2024 pa ntchito yosamalira okalamba. Mkazi wanga ndi mwana wathu anatsala. Mnzanga wina akuti ndikagula kalavani m'dzina langa n'kusonyeza kuti ndili ndi malo anga okhala, a Home Office, ofesi ya boma yoona za maviza, adzalola kuti banja libwere. Alipo munthu amene akuti akhoza kundikonzera mapepala onse ndikamulipira. Kodi n'zoona?

Bambo wosungulumwa

Bambo, pepani, si zoona, ndipo ndikudziwa kuti yankho ili likupweteka. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, amene anapempha viza koyamba ngati care worker kapena senior care worker saloledwa kubweretsa mkazi, mwamuna kapena ana ngati odalira viza yawo. Amene anali kale pa viza imeneyi tsikulo lisanafike ndi omwe anasiyiridwa mwayiwo. Choyamba onani tsiku lomwe pempho lanu la viza linaperekedwa, chifukwa lamulo likuwerenga tsiku limenelo, osati lomwe munatera pa bwalo la ndege. Ngati linaperekedwa pa 11 Malichi kapena pambuyo pake, choletsa chili pa mtundu wa ntchito yanu, ndipo kalavani, nyumba ya lendi kapena nyumba yogula sizisintha kanthu.

Njira yomwe ilipo ndi kusintha ntchito n'kupeza ina yomwe viza yake imalola banja, monga unamwino kwa amene ali ndi maphunziro ake ndipo alembetsa ku bungwe la anamwino ndi azamba la Nursing and Midwifery Council, kapena kuti mkazi wanu apeze viza yakeyake. Wokonza mapepala uja musamupatse ngakhale paundi imodzi musanafufuze dzina lake. Ku UK n'kulakwira lamulo kupereka malangizo a za viza popanda kuvomerezedwa. Alangizi ovomerezeka ali m'kaundula wa Immigration Advice Authority, bungwe lomwe kale linkatchedwa OISC, ndipo maloya a ku England ali m'kaundula wa Solicitors Regulation Authority. Akaundula onse awiri ali pa intaneti, ndipo kufufuzamo n'kwaulere.